Lole ya a Wedisoni Ilowere Kuti?

Kalekale, komatu osati kale la mikango ayi, kale lija mu Blantyre muno munkayenda mabasi ansanjika, phiri la Ndirande likadali ndi mitengo mpaka pamwamba, ku Goliyo, mu Ndirande momwemo, kunali bambo wina dzina lawo a Wedisoni. Ankakhala m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri ndi akazi awo Nachisale, komanso mwana wawo Esinala, amene banja lake linatha n'kubwerera kwa makolo ndi tiana take tiwiri. Analinso ndi mwana wamwamuna, koma ameneyo anafera ku Joni, n'kuikidwa konko ndi anthu osamudziwa ndi dzina lomwe. Chifikire uthenga umenewo, atatuwa anapangana kuti zivute zitani, sadzagonanso m'nyumba zosiyana.

Tsiku lina a Wedisoni anatumidwa kukagula parafini. Anabwerako ndi botolo latheka, n'kuuza akazi awo kuti parafini wakwera mtengo. Chonsecho ndalama yotsalayo anali atagulira tikiti ya lotale, manambala ake atasankha zaka zimene ana awo anabadwa.

Nachisale pochapa anaipeza tikitiyo m'thumba la buluku, itanyowa kale mbali imodzi. Iwotu anali mayi wa Mvano, juga ankadana nayo koopsa. Anaima nayo pambaula kuti aiponye pamoto, koma mtima unawauza kuti ameneyu ndi parafini wawo yemwe uja. Anaiyanika pachivindikiro cha poto, itauma n'kuitsomeka kudenga, pakati pa lata ndi mtengo, osauza munthu.

Esinala ndiye anamva manambala pawailesi, n'kudabwa kuona bambo ake atagwira mutu, akuti manambalawo ndi awo koma tikiti inasowa. Anagwedeza nyumba yonse mpaka mayi ake, ali duu pamkeka, analoza kudenga ndi mlomo. Esinala anaimanga tikitiyo pakona ya chitenje, n'kuyenda wapansi mpaka m'tauni. Kumeneko anakangana ndi makalaliki tsiku lonse chifukwa nambala imodzi inali itazilala ndi madzi, ndipo sanachoke mpaka anavomera.

Ndalama zake musandifunse. Zinali zoti ngakhale mbuzi za zidzukulu zawo zikanamadya mpunga.

Ndiyetu abale anayamba kutuluka ngati ngumbi. Ena ku Thyolo, ena ku Chiradzulu, wina anachokera ku Milanje kutsidya, akuti agogo ake ndi agogo a Wedisoni ankasuta fodya kaliwo imodzi. Mwini nyumba anapirira, kenaka anabwera n'kunena kuti alendowo amudzazira chimbudzi chimene anakumba chaka chatha chomwe, choncho pakutha pa mwezi achoke. Zoti atuluke mu Blantyre panalibe anaziganiza. Koma Blantyre ndi wamkulu, ndipo aliyense anali ndi wakewake mumtima.

A Wedisoni anati ku Nyambadwe. Kumeneko ndi kumene anathera unyamata wawo, akugwira ntchito ya m'galadeni panyumba ya mzungu wina wa fodya. Anafika pamalopo pali thengo lokhalokha. Mpanda wa maluwa anadzala ndi iwo, kapinga ndi iwo, ndipo kuseri kwa khitchini anakwirira nthangala ya peyala imene anatola m'bini. Mtengowo utayamba kubereka, dona wa mzunguyo ankawerenga mapeyala ali mumtengo, ndipo a Wedisoni ankangodya amene agwa okha n'kuphwanyika. Esinala anabadwira konko, m'kaboyizi kota kakuseri. Tsopano nyumba imeneyo inali pamalonda.

Atapita kukaiona, madalawo analunjika kuseri ngati kale, mpaka wogulitsayo anachita kuwakumbutsa kuti khomo lakumaso lilipo. Mtengo uja anaupeza utapitirira denga. Anaukumbatira, manja osakumana, n'kunena chapansipansi kuti asanafe akufuna adzathyole peyala limodzi lokha masana dzuwa likuswa mtengo, popanda kucheuka.

Koma Nachisale maso awo anali kutsidya kwa mpanda. Kunyumba yoyandikana nayo kunali maliro. Anaona tenti yoyera, mipando yobwereka yambiri yopanda anthu, ophika aganyu atavala zisoti, nyimbo zikuchokera m'chimkuzamawu. Oyandikana nawo ena ankangodutsa pagalimoto, magalasi atatseka. Pobwerera, atafika pamlatho wa Nasolo, ndi pamene anatsegula pakamwa.

"Bambo a Esinala, kumene kuja ine sindingafereko."

"Nanga ndani wakuti ukafe? Tikukakhala."

"Okhala ndi amene amafa."

Nachisale anati Ndirande yomweyo, pa Chinseu, pamene panali nyumba yamalata atsopano yogulitsa. Anafika mu Ndirande ali mtsikana, mabere ali chiimire, ndipo chiyambire panalibe maliro amene anawadutsa. Anagona pa siwa ya Mkatolika, ya Msilamu, ya chidakwa chimene abale ake enieni anachikana. Anasambitsa amayi anzawo, anasenza nkhuni, anaphika mpaka utsi unawawononga maso. Akuluakulu anati maliro n'kulirana, ndipo iwo anafesa moyo wawo wonse. Achoke tsopano mbewu itacha? Mwana wawo wa ku Joni uja anapita ngati nkhuku, popanda womuimbira ngakhale nyimbo imodzi. Iwo akufuna tsiku lawolo msewu udzatsekedwe ndi masamba, amayi ovala zoyera adzafole kuchokera pakhomo mpaka kumsika.

A Wedisoni anati Nyambadwe ndi Ndirande n'pafupi, munthu amayenda wapansi. Akazi awo anaseka, n'kuwafunsa kuti zaka zonse zimene anagwira ntchito kumeneko, ndi mayi uti wa ku Goliyo amene anadutsapo pageti paja kudzapempha moto. Galu yekha wa kumeneko ndi wamkulu ngati mwana wang'ombe.

Esinala anawasiya akangane mpaka atatopa. Kenaka anafunsa mayi ake kuti mnzawo wapamtima uja, Nangondo, anabwera liti komaliza kudzabwereka mchere. Nachisale anawerenga masiku, n'kupeza kuti papita nthawi. Zinali zoona. Chiwinire ndalamazo, Nangondo ankafika pakhomo n'kugwada, kuwatchula kuti abwana, ndipo chimene ankapempha sichinalinso mchere koma malata. Kumpopi amayi ankawapatsa malo kutsogolo, nthabwala n'kuzizira mpaka iwo atachoka. Mwana wamkulu wa Esinala anali atatsatidwapo ndi anthu achilendo pochokera kusukulu.

"Amayi, Ndirande amene mukumulirayo anatha tsiku limene ndinamasula chitenje chija. Adzabweradi pamaliro anu, koma adzakhala akuwerenga mapoto. Ndipo inu ababa, ku Nyambadwe mukagula nyumba, koma mukamva belu muzidzadzuka kuthamangira kugeti."

"Iwe, ndinakusintha matewera m'nyumba imene ija."

"Kuseri kwake, ababa."

Esinala anati ku Chigumula, kumene panthawiyo kunali minda yokhayokha, chimanga chikukula mpaka m'mphepete mwa msewu wa ku Thyolo. Anati Blantyre amene makolo ake ankamusimba madzulo aliwonse, wa mitsinje yoyera ndi bowa wa m'phiri, anathawira kumeneko. Akamange nyumba pamalo pamene palibe akuwadziwa ngati agaladeni boyi kapena ngati mabwana, ana ake akakule akusewera panja, nawonso adzakhale ndi kwawo kokukumbuka.

Anapita kukaona. Anapeza chiperoni chikuwaza, mphepo ikulowa mpaka m'mafupa, malo ali see, popanda ndi mthunzi womwe. A Wedisoni anatokosa dothi ndi ndodo yawo n'kuvomera kuti ndi labwino, koma anati pamsinkhu wawowo akadzala peyala, adzadya ndi ena. Nachisale anayang'ana uku ndi uku kufuna denga la mnansi, n'kuona limodzi lokha, kutali, ng'ombe zili pakhomo.

Anakambirana, anakwiyitsana, anaitana mkulu wa mpingo, iye n'kungowapempherera. Wina anati bwanji agule nyumba zonse zitatu, poti ndalama zilipo. Onse atatu anakana pamodzi. Nyumba ungagule khumi, koma thupi ndi limodzi, ndipo pangano lawo linali loti denga likhale limodzi. A Wedisoni ankati popanda iwo kuba parafini bwenzi palibe chokangana. Nachisale ankati popanda iwo tikitiyo bwenzi ili phulusa kapena thovu la sopo. Esinala ankati popanda iye bwenzi mpaka lero ili kudenga, makoswe akunolerapo mano.

Mwezi unatha. M'mawa wake lole imene anachita hayala inafika, anyamata n'kukweza bedi, kabati, mbaula, mtondo ndi nkhuku zitatu m'dengu. Mwini nyumba anaima potero ndi loko wake m'manja. Amayi a m'mudzimo anatuluka ataphimba mapewa ndi zitenje, ena akulira, ena akungoyang'ana katundu. Atatu aja anapanikizana kutsogolo, ana ali pamiyendo. Dalaivala analiza injini, n'kutsetsereka pang'onopang'ono mpaka pamphambano, pamenepo n'kuponda buleki.

"Madala, mafutatu akupsa. Tiwongolere kuti?"

A Wedisoni anayang'ana akazi awo, akazi awo anayang'ana mwana, mwana anayang'ana kumsewu.

Tsono inu amene mwamva nkhaniyi, muyankheni dalaivalayo. Mawu omaliza akhale a yani: wogula tikiti, woipulumutsa, kapena wokaimenyera nkhondo? Ndipo loleyo ilowere kuti, kumtengo wa bambo, kwa anthu a mayi, kapena kumunda kumene ana sanapondeko?