Ndege ya a Hopewell Siyeza Katundu

Kwa zaka zambiri galimoto ya banja la a Kamtedza inkagona panja, pa dzuwa ndi pa mvula, chifukwa m'galaja ya nyumba yawo ku Morley, dera lina la mzinda wa Perth, munali ndege. Inde, ndege yeniyeni. A Hopewell Kamtedza, mwana wa ku Ntcheu amene anaphunzira zokonza ndege akali mnyamata ku Chileka, ankagwira ntchito yomweyo pa bwalo la ndege zing'onozing'ono la Jandakot, kumwera kwa mzinda wa Perth. Akaweruka, m'malo moongola msana ngati anzawo, ankavala ovololo ina n'kulowa m'galaja. Anaitanitsa zitsulo ndi malata m'mabokosi n'kumalumikiza pang'onopang'ono, chaka chino phiko, chaka chamawa mchira, mpaka oyendera ndege a boma anabwera, n'kuisuzumira uku ndi uku, n'kuvomereza kuti ikhoza kuuluka. Inali ya mipando iwiri, yoyera, ya mzere wobiriwira m'mbali.

Pa ntchito munthuyu analibe chibwana. Bawuti imodzi ikawakayikitsa, ankamasula zonse n'kuyambiranso. Koma munthu aliyense ali ndi pake pofooka, ndipo pa a Hopewell panali pakamwa. Liwu lakuti "ayi" linkawalemera kuposa injini. Wina akabwereka galimoto Loweruka, eni ake ankakwera basi. Wina akati mundiperekeze ku bwalo la ndege, ankasiya chakudya patebulo. Anthu ankati ndi munthu wabwino, ndipo analidi wabwino, koma akazi awo, a Nangozo, namwino wa ku Fremantle, ankadziwa kuti theka la ubwinowo linali manyazi.

Mwana wawo mmodzi yekhayo, Dorcas, atapeza banja ndi mnyamata wa ku Perth komweko dzina lake Eugene, awiriwo anasankha kukamangira ukwati ku Bali, chilumba cha ku Indonesia kumene achinyamata a kuno amakonda kukachitira zikondwerero. A Hopewell anasangalala ngati mwana.

"Inu kwerani zikuluzikuluzo," anatero. "Ine ndikampereka mwana wanga nditafika pa ndege yomanga ndi manja angawa."

Sanalankhule mwachibwana. Anakonza ulendo bwinobwino: kutsata gombe chakumpoto, kutera apa ndi apo mpaka ku Broome, ndipo kuchoka pamenepo kuoloka nyanja yaikulu, maola ambiri popanda potera. Kumbuyo kwa mipando anamangako thanki ya mafuta owonjezera. Pa mpando wachiwiri anamangirira kabwato kachikasu kopindapinda, kamene kamadzifufumitsa kokha ndege ikagwera m'madzi. Atayeza zonse pa sikelo, malo amene anatsala anali a kachikwama kamodzi ka suti ndi nsapato.

Nkhani inalengezedwa kutchalitchi, amayi n'kuimba nthungululu. Mpingo wonse unali utagula matikiti otchipa aja olola kachikwama ka m'manja basi, ndipo aliyense mutu unali ukumuwawa kuti katundu wa ukwati ayenda bwanji. Potuluka, mayi wina anangoti mokweza, "Komatu ndege ya a Hopewell siyeza katundu." Anthu anaseka. A Hopewell nawo anaseka. Pamenepo ndi pamene panafunika kulankhula, koma sanalankhule.

Sabata imeneyo khomo la ku Morley silinapume. Amayi a Mvano anabwera ndi mpukutu wa zitenje za yunifomu. Wina anabweretsa mbale zamphatso, wina nsapato za operekeza akwati, wina mabuku a nyimbo. Ndipo inu mukudziwa mmene ife timaperekera katundu. Palibe amene amati "ndabwera ndi katundu". Aliyense amati, "Kaphukusi kakang'ono basi, sikalemera n'komwe." A Hopewell ankalandira ndi manja awiri, n'kuthokoza, ngati kuti iwo ndi amene akupatsidwa mphatso.

Omaliza kufika anali a Paterson, mkulu wa mpingo, amene anasunga banja la a Kamtedza m'nyumba mwawo miyezi ingapo litangofika kumene m'dziko muno. Anatsitsa m'galimoto kiyibodi ya kwaya ndi sipika yake yaikulu.

"Achimwene, ukwati wa mwana wathu ungakhale wopanda kwaya? A ndege zikuluzikulu akutivuta. Ndati mbale wanga ali ndi yakeyake, ndivutikiranji?"

A Hopewell anayang'ana sipikayo, n'kuyang'ana nkhope ya munthu amene anawapatsa pogona alibe kolowera.

"Tiona mmene tingachitire, akulu ampingo."

"Ndimadziwa ine! Mulungu akudalitseni."

Katundu yense atapita naye ku Jandakot, zinaoneka poyera kuti sangakwane. A Hopewell anaika ichi, n'kuchotsa icho, n'kutembenuza kiyibodi cham'mbali, koma ayi ndithu. Potsiriza anamasula malamba a pa mpando wachiwiri, n'kunyamula kabwato kachikasu kaja, n'kubwerera nako kunyumba. A Nangozo anakapeza m'galaja, pakona, pafupi ndi makina otchetchera kapinga.

"Bambo a Dorcas, ichi chikutani pano?"

"Malo achepa, mayi. Jekete yoyandamitsa ndivala. Injini ija ndinaimanga ndekha, singandichititse manyazi."

"Ndiye mwatsitsa moyo wanu kuti mukweze sipika?"

"Musatero. A Paterson ndingawauze bwanji? Munthu uja anatisunga."

"Anatisunga kuti tikhale ndi moyo. Ngati pakamwa panu palemera, ndipatseni foni ndiwauze ine."

"Ayi, ayi, mungandiyalutse. Anthu aziti a Kamtedza agula ndege, ayamba kunyada."

Taonani zodabwitsa. "Ayi" amene anakanika kutuluka pamaso pa mpingo wonse anatuluka mosavuta pamaso pa mkazi wawo. Ndi mmene zimakhalira ndi anthu amanyazi: amaopa wa kunja, wa m'nyumba ndiye amasenza. A Nangozo analira, anakalipa, anachonderera. Dorcas naye anabwera, n'kunena m'Chingerezi chake chothamanga chija kuti iye sakufuna kwaya kapena mbale, akufuna bambo ake. A Hopewell anamugwira paphewa n'kumulonjeza kuti akafika ku Broome akaonanso bwino, ndipo chimene chikalemere akachisiya komweko.

Tsiku lonyamuka mpingo unadzaza kumpanda kwa bwalo. Anapemphera, anaimba, anajambula zithunzi. Ndege inathamanga mtunda wautali kuposa masiku onse isanadzuke, ndipo podzukapo inakwera mwaulesi ngati nkhuku yonyowa. Anthu anaomba m'manja. A Nangozo okha manja anali pachifuwa.

Ulendo wa m'mbali mwa gombe unawauza a Hopewell zoona zonse. Ndege yolemedwa imamwa mafuta ambiri, ndipo paliponse pamene ankatera ankapeza kuti thanki yatsika kuposa mmene anawerengera. Munthu wodziwa ndege ngati iwo sakanalephera kumva zimene zimenezi zinkatanthauza. Atafika ku Broome anaimbira akazi awo, amene pa nthawiyo anali atafika kale ku Bali ndi anthu ena onse.

"Mwatsitsa?"

"Nditsitsa m'mawa, mayi."

"Mulumbire."

"Ndatero, nditsitsa. Ndigulanso kabwato kena ngati kapezeka."

Ndipo anatsitsadi. Bambo amene anawathirira mafuta m'mawa mwake anadzafotokoza pambuyo pake kuti anaona mwini ndege akutulutsa sipika ndi kiyibodi, n'kuziika pansi pamthunzi wa phiko. Kenaka foni inalira. Unali uthenga wa pa gulu la mpingo, kanema wa kwaya itaima pakhonde la hotelo ku Bali, ikuyeserera nyimbo popanda choimbira, ndipo a Paterson akumwetulira kuti, "Achimwene, tikudikira inu ndi zida zathu!" Wothira mafutayo anati munthuyo anaima nthawi yaitali, foni ili m'manja, akuyang'ana katundu ali pansiyo. Kenaka anawerama, n'kunyamula, n'kubwezera zonse m'ndege. Za kabwato sanafunse n'komwe, poti kakanakhala pati?

Ananyamuka kumwamba kuli mbee. Koma pakati pa nyanja anakumana ndi mphepo yochokera kutsogolo, yamphamvu kuposa imene inayembekezeka, ndipo ndege inayamba kuyenda ngati munthu wokwera phiri ndi mtolo. Pa ulendo wotere pamakhala malo amene woyendetsa amayenera kusankha: mafuta akakayikitsa, amatembenuka n'kubwerera kumene wachokera, chifukwa akapitirira pamenepo kubwerera kulibenso. A Hopewell malowo ankawadziwa bwino, anachita kuwalemba okha pa mapu. Woyang'anira za maulendo a ndege anawafunsa pa wailesi ngati zonse zili bwino, ndiponso ngati mafuta akwanira.

"Zonse zili bwino," anayankha.

Zimene zinali mumtima mwawo palibe angazidziwe, koma amene ankawadziwa munthuyu sakayika. M'maganizo anaona mpingo uli pa bwalo la ndege ku Bali, maso kumwamba. Anadziona akubwerera ku Broome, n'kukwera ndege ya anthu onse ngati wina aliyense, katundu wa eni ake atatsala m'chipululu, anthu akunong'onezana kuti ndege yomangira m'galaja ija yalephera. Munthu amene analimba mtima kuoloka nyanja yekhayekha analephera kulimba mtima pamaso pa kuseka kwa anzake. Anapitirira.

Pamene ananena zoona pa wailesi, mapiri a zilumba za kumeneko anali atayamba kuonekera patali, koma injini inali itayamba kale kutsokomola. Anatchula pamene anali, mawu ali phee, ngati munthu amene ali pa ntchito. Anapempha kuti awauzire akazi awo ndi mwana wawo kuti akupepesa. Kenaka wailesi inangoti zii.

Opulumutsa anthu ananyamuka mwamsanga, ndege ndi mabwato, ndipo asodzi a kumeneko nawo anathandiza. Anasakasaka mpaka dzuwa kulowa, m'mawa n'kuyambiranso. Ku hotelo kuja maluwa a ukwati anafota ali m'mabokosi. Dorcas anakhala pagombe osadya, diresi lake lili chipachikire m'chipinda, Eugene ali pambali pake. A Nangozo sankalira mokweza. Ankangofunsa aliyense wobwera kuchokera kunyanja funso limodzi, ndipo aliyense ankapukusa mutu.

Anawapeza patapita masiku, jekete yoyandamitsa ili m'thupi. Madokotala anati sanafe ndi kugwa kwa ndege ayi. Anatulukamo amoyo, ndipo analimbana ndi madzi nthawi yaitali. Mkulu wa osakawo anauza banjalo mosabisa kuti ndege zawo zinadutsa dera limenelo kangapo tsiku loyamba lomwelo, koma mutu wa munthu pakati pa mafunde suoneka. Kabwato kachikasu, anatero, akanakaona ali kutali.

Maliro anachitikira ku Perth. Nyumba ya ku Morley inadzaza mpaka panja, ndipo anthu ankalowa mmodzimmodzi kudzagwada pamaso pa namfedwa. Mayi wa zitenje uja anati, "Akanangonena, ife tikanavala zina." Wa mbale anati, "Mbale n'chiyani, tikanagula konko." Onse ankanena zoona, ndipo zoonazo ndi zimene zinkapweteka. Potsiriza analowa a Paterson. Munthu wamkulu uja anali atatha, maso ali psuu, ndipo anagwada pansi ngati mwana.

"Mayi, ine ndapha mbale wanga. Koma Mulungu ndi mboni, sindinadziwe. Akanangondiuza kuti malo palibe, ndikanabwerera nazo. Tikanaimba ndi pakamwa."

A Nangozo anawayankha kuti:

"Dzukani, akulu ampingo. Simunaphe munthu inu. Munapempha, ndipo kupempha si mlandu. Ndikudziwa kuti mukanamvetsa. Nonse mukanamvetsa. Wokwiyitsitsa mwa inu akanakwiya sabata imodzi, Lamulungu lotsatira n'kudzawapatsa moni. Sabata imodzi imeneyo ndi imene amuna anga anaiopa, ndipo ine andisiyira zaka zonse zimene zatsala."

Amene anali pafupi anaweramitsa mitu.

Dorcas ndi Eugene anadzakwatirana patapita miyezi, m'tchalitchi cha ku Perth komweko, anthu ochepa, popanda phwando. Abale ena anadzipereka kuti amuperekeze mkwatiyo kutsogolo m'malo mwa malemu, koma iye anakana mwaulemu. Anayenda yekha kuchokera pakhomo mpaka kuguwa, misozi ili chuchuchu, ndipo panalibe amene anatha kuimba nthungululu.

A Hopewell anali ndi nzeru, anali ndi luso, ndipo ndege yawo inalibe chilema. Njira yotulukira inawatsegukira kunyumba, inatsegukanso ku Broome, inatsegukanso pakati pa nyanja, ndipo paliponse chimene chinkafunika chinali liwu limodzi lokha. Akuluakulu sananame pamene anati mbewa ya manyazi inafera kuuna.