Bulangete Limodzi la Sungeni

Kalekale, m'mudzi wina wa alimi a mpunga, mudafika mlendo dzina lake mayi Nasibeko. Sadapemphe madzi akumwa kapena pogona. Adapempha mankhusu a mpunga. Che Makwinja, mwini chigayo, adaseka nawafunsa ngati akufuna kuweta nkhuku, komabe adawapatsa. Mayiwo adathira mankhusuwo m'matumba, nawayala kuseri kwa sukulu, nayamba kuphunzitsa atsikana jiminasitiki, masewero odumpha, kupidiguka m'malere ndi kuima chadodolido.

Mwa atsikanawo mudali Sungeni, wopepuka ngati mpheta, amene mtima wake wonse udali pa mpikisano wa kutauni.

Mayi Nasibeko sadayambe ndi kudumpha. Nyengo yonse yadzinja adaphunzitsa kugwa basi: chibwano pachifuwa, msana wopindika, kenako kugubuduka. Atsikana adadandaula kuti kugwa adakudziwa kale ali makanda. Mayiwo adayankha kuti, "Wosadziwa kugwa sindimulola kuuluka."

Che Makwinja sadaitanidwe ndi munthu, koma podutsa ankakonda kubaya matumba aja ndi chibakera. M'mawa wina adapeza ataphwa ngati zitumbuwa. Adasiya anthu pamzere kuchigayo, nabwera ndi wilibala ya mankhusu, nadzaza thumba lililonse mpaka kutupa.

Masana a tsiku lomwelo Sungeni adayesa kupidiguka kawiri m'malere. Phazi lidaterereka ponyamuka, ndipo adabwera chamutu. Chibwano chidathamangira chokha pachifuwa, msana udapindika, thumba lidamulandira. Adadzuka akuseka, khosi lili bwinobwino. Koma bondo lidali litapotoka, ndipo iye adabisa zimenezi poopa kusiyidwa pa ulendo wa kutauni.

Amene adaona ndi Asiyatu, mnzake amene ankapikisana naye pa chilichonse. Adaona kuti Sungeni wayamba kuvala siketi yaitali, ndiponso kuti pokwera khonde akutsogoza mwendo umodzi womwewo. Asiyatu adadziwa kuti mnzakeyo akapita ali wovulala, mendulo idzakhala yake. Komabe adakanena kwa mayi Nasibeko. Kuchipatala adati akadadumphanso ndi bondolo, akadatsimphina moyo wake wonse. Sungeni adaikidwa pabenchi mpaka mpunga udacha, ndipo nthawi yonseyo sadampatse Asiyatu moni. Adangomutcha kazitape.

Bondo lidapola. Tsiku la mpikisano mudzi udakwera lole, amayi akuimba njira yonse, Che Makwinja atakhala pamwamba pa matumba awo ngati mkwati. Sungeni adathamanga, nanyamuka, napidiguka kawiri, natera ndi mapazi onse awiri osagwedera. Nthungululu zidadzaza holo. Iye adakhala woyamba, Asiyatu wachiwiri.

Tsono pampikisanopo padali mwambo. Wopambana ankalandira mendulo ndi bulangete, koma bulangetelo silidali lake. Ankayenera kulifunditsa, anthu onse akuona, pamapewa a munthu mmodzi amene adamufikitsa pamenepo. Kulidula kudali koletsedwa.

Sungeni adatsika nalo m'manja. Mayi Nasibeko, Che Makwinja ndi Asiyatu adali ataima pamodzi, ndipo aliyense ankaloza mnzake. Che Makwinja adati iwo fumbi la kuchigayo limawafunditsa kale. Mayi Nasibeko adangoyang'ana kudenga akumwetulira.

Sungeni adayamba wasendera kwa Asiyatu, namugwira chala, nanena motsitsa mawu, "Wadzuka bwanji, Asiyatu?"

"Dzuwa lapendeka kale, iwe."

"Ndikudziwa. Moni ameneyu ndi wa tsiku lija ndidasiya kukulankhula. Enawo ndizibweza pang'onopang'ono."

Asiyatu adaseka mpaka misozi. Koma bulangete lidali likadali m'manja mwa Sungeni, woulutsa mawu akudikira.

Pakadapanda maphunziro a kugwa, khosi likadathyoka ngakhale pathumba lodzaza. Pakadapanda mankhusu atsopano, chibwano pachifuwa sichikadathandiza kanthu. Pakadapanda pakamwa pa Asiyatu, wopulumuka khosiyo akadataya mwendo. Nanga inu mukadakhala Sungeni, bulangete limeneli mukadafunditsa ndani?