Mafuta Obisala m'Nsatsi

Senderani kuno, mundimve bwino, mawu angawa safika patali.

Panali mayi wina, dzina lake Nanthambwe, amene khanda lake linang'ambika khungu ndi chisanu cha mwezi wa Juni. Likati litambasule mwendo, magazi. Mankhwala ake ankawadziwa, mafuta a nsatsi, koma anali asanayengepo.

Anakazinga nsatsi paphale. Njere iliyonse inachita thukuta, kunyezimira ndithu, koma pansi pa phale gwa, pouma. Anasonkhezera moto. Zinapserera.

Mlamu wake podutsa anamuseka, amvekere kodi ndiwo za lero ndi makala? Anamuuza kuti zotsalazo azisinje zili zofunda. Nanthambwe anasinja, koma mwamantha, poti kwawo anakula akumuuza kuti nsinjiro ukaipitiriza imasanduka chiponde. Mumtondo munatsala phala lonona, lopanda dontho.

Khanda linalira. Mayiyo anakokolola phalalo, nalikulunga pakansalu kuti akataye. Ndi mkwiyo anapotokola kansaluko, napotokolanso. Anangomva chofunda chikuyenderera padzanja. Poyang'ana, mafuta akutsata makwinya opendekeka a nsalu, timitsinje tikukumana, mpaka dontho m'chikho chimene chinali pansi pomwepo.

"Alamu, bwerani! Anali momwemo nthawi yonseyi!"

Tsiku lomwelo mwana anadzola, nagona.

Tsono mwana wa mchemwali wanga, wophunzira za miyala, anandiuza mawu amene sindinaiwale. Akuti pansi penipeni pa dziko, thanthwe silisungunuka lonse ngati kandulo ayi. Limayamba ndi timadontho m'ngodya momwe njere za mwala zimagundana, kenaka timalondola m'mphepete mwa njerezo. Thanthwe likamakanikizidwa ndi kupotoka pang'onopang'ono, timadonthoto timasonkhana m'mizere, mizere nkukhala njira, mpaka chiphalaphala chimakwera kukatulukira paphiri. Ine ndinati, mwanawe, imeneyo ndi nsatsi ya Nanthambwe.

Inu nonse muli pano moto wakukazingani kale, aliyense m'nyumba mwake, aliyense ndi kadontho kake kobisika. Kuwonjezera moto sikuthandiza, mungopserera. Koma vuto likakupanikizani pamodzi, musathawe mnzanu amene mwagundana naye phewa. Njira ya mafuta imayambira pomwepo.

Mukakumana ndi wina amene watsala pang'ono kutaya kansalu kake, chonde mukamufotokozereko nkhaniyi.