Dirowa ya a Mackford Inali ndi Mano

Pa sukulu ina ya pulayimale kumtunda kwa msika wa Nkhata Bay, aphunzitsi a Mackford anali ndi lamulo: m'kalasi mwawo simudyedwa kanthu. Mtedza, chigumu, chinangwa chootcha, zonse ankalanda n'kuponya m'dirowa ya tebulo lawo. Chodabwitsa, dirowayo sinkadzaza. Ana ankanong'onezana kuti ili ndi mano.

M'kalasimo munali Temwa, mtsikana wodwala matenda a shuga, yemwe ankabayidwa jakisoni m'mawa uliwonse. Shuga akatsika m'thupi, ankafunika chotsekemera msanga, apo ayi akanakomoka. N'chifukwa chake mayi ake, a Felistus, ogulitsa usipa, ankamuikira maswiti m'thumba. A Mackford ankalanda tsiku ndi tsiku.

A Felistus anasiya benchi lawo kumsika n'kukwera chitunda kukaonana ndi aphunzitsiwo.

"Asambizi, mwana wanga ali ndi shuga, ndiye maswitiwo..."

"Ama, imani pomwepo!" anadula a Mackford. "Mwana wa shuga mukumuwonjezeranso shuga? Ine ndikumupulumutsa. Bwenzi mukundithokoza."

"Koma mukanandifunsa chifukwa chake, ada."

"Ndifunse chiyani? Sayansi ndimaphunzitsa ndine."

Mayiwo anangoti "Yewo," mtima ukuwawa. Koma potuluka anaima pa geti n'kufotokozera a Flora ogulitsa zitumbuwa, pamodzi ndi anzake a Temwa, zoyenera kuchita mwanayo akayamba kunjenjemera.

Sipanapite nthawi. Tsiku lina ana atangolowa kuchokera kosewera mpira, Temwa anayamba kutuluka thukuta lozizira, manja akunjenjemera, mawu osamveka bwino.

"Maswiti ake! Sala, maswiti a Temwa!" anakuwa anzakewo.

Koma switi yomaliza inali m'tsaya mwa a Mackford. Kumeza kunakanika, kulavula manyazi. Anangoima tsaya lili tu. Mwamwayi mwana wina analiyatsa liwiro la ku geti, ndipo a Flora anafika chothamanga ndi kapu ya madzi a shuga. Temwa anamwa pang'onopang'ono mpaka maso anabwerera m'malo.

A Felistus atamva, anafika ndi amayi anzawo a kumsika, mamba a nsomba adakali m'manja. Anayamba akumbatira mwana wawo, misozi ikutsika. Kenako anapukuta maso, nagwada mwaulemu pamaso pa ahedi.

"Sindinabwere kudzayambana ayi. A Mackford akhala akundisungira mankhwala a mwana teremu yonse. Angondibwezera, ndizipita."

Ahedi anakoka dirowa ija. Munali mapepala okhaokha a maswiti, nyerere zikuchita msonkhano.

"Kodi odwala shuga ndi ndani kuno?" anafunsa a Flora. Amayi aja anaseka mpaka kugwirana mapewa.

A Mackford anayang'ana nsapato zawo. "Ama, pepani. Kodi maswiti amagwira ntchito yanji kwa mwana wa shuga?"

"Ehe! Funso limeneli likanabwera kale, bwenzi mwana wanga asanaone zoopsa lero. Khalani pansi, asambizi."

Anakhaladi, pa desiki ya ana, maondo akugunda thabwa, uku akumvetsera. Kuyambira tsikulo Temwa amadya pamene thupi lafuna, ndipo pa tebulo pamakhala botolo la maswiti limene kalasi yonse imaliyang'anira, makamaka aphunzitsi akaliyandikira. Akuluakulu sananame: safunsa anadya phula.