Ampulifaya Kumbuyo kwa Miyendo

Ku Ndirande kunali telala wina amene ankasokera pakhonde la sitolo. Sanali munthu woipa. Mowa sankamwa, mkazi wake sankamumenya, ndipo Lamulungu lililonse ankafika kutchalitchi zitseko asanatsegule. Ankaimba gitala yamagetsi m'kwaya, ndipo mkazi wake, Nangondo, ndiye ankatsogolera nyimbo.

Gitala yamagetsi payokha imangonong'ona. Kuti imveke imafunika ampulifaya, bokosi lija lokweza mawu. Telalayo anagula yake yoyamba pakaunjika ku Limbe, yaing'ono ngati chigubu cha madzi. Anaiika pansi, kumbuyo kwa miyendo yake, sipika italoza kwa anthu, monga mmene ankaonera oimba ena akuchitira. Iye ankaima chilili, gitala ili pamimba. Nangondo ankaima masitepe atatu patsogolo pake, cha m'munsi mwa guwa, khutu lamanzere lili molunjika bokosilo.

Mawu otuluka m'sipika amayenda ngati madzi a m'paipi, amapita kumene yaloza. Mawu a gitala ankadutsa m'mawondo mwa telalayo n'kukagwera anthu. Chimene chinkafika m'makutu mwake chinali kang'ung'udza chabe, ngati wailesi yolira m'nyumba ya mnansi. Iye akamva choncho ankawerama n'kupotokola kokwezera. Akamvabe pang'ono, ankapotokolanso.

Tsiku lina akubwerera kunyumba Nangondo anati, "Bambo a Tayamika, khutu langali likulira ngati mwalowa nkhululu. Mutatsitsako chinthu chanu chija."

"Nditsitse chiyani, poti ine mwini wake sindikuchimva? Kabokosi kameneka n'kachabechabe. Anandipusitsa ku Limbe."

Anakaponya pansi pa bedi. Mlamu wake wa ku Joni anamubweretsera ina yokulirapo, yokhala ndi timagetsi tofiira. Anaiika pamalo omwe aja, pansi, kumbuyo kwa miyendo. Masabata awiri anasangalala nayo. Sabata lachitatu anayamba kudandaula kuti nayonso ilibe mphamvu, kuti mlamu wake anamusankhira yotsalira.

Agogo amene ankakhala pabenchi yoyamba anasamukira kumbuyo mmodzimmodzi, osanena kanthu. Amayi oyamwitsa ankatuluka nyimbo ikangoyamba. Wapampando wa kwaya, a Tembenu, anamukokera pambali n'kumuuza mwaulemu kuti, "Akulu, bwanji mutaikweza pampando n'kuitembenuzira kwa inu? Mwina mungaimve bwino."

"A Tembenu, inu mumaimba besi ya pakamwa. Za magetsi tisiyireni ife. Munaona kuti sipika italoza woimba? Ndikuimbira ndekha kodi?"

Anasinthanitsa makina ake ena osokera, aja opetera maluwa, ndi ampulifaya yachitatu. Iyi inali yaikulu, yonyamula anthu awiri. Koma nayo anaiika pansi pomwe paja, ndipo nayo inamukhumudwitsa. Ankauza aliyense wobwera kudzayezetsa thalauza kuti zinthu za masiku ano n'zabodza, kunja kukongola, mkati mulibe kanthu.

Nangondo anasiya kudandaula. Ankangokweza mawu ake kuti apose gitala, mitsempha ya pakhosi ili tototo. Patapita zaka zitatu anayamba kuphonya poyambira nyimbo. Anzake akalowa, iye ankalowa mochedwa, kapena pamwamba kwambiri. Lamulungu lina anayambitsa nyimbo ya chopereka molakwika kawiri, atsikana a kumbuyo n'kuseka. Anakhala pansi, ndipo sanadzatsogolerenso. Sabata lomwelo a Tembenu anauza telalayo kuti kwaya idziimba ndi ng'oma ndi visekese kufikira zinthu zitalongosoka.

Iye anapsa mtima, koma anapsera bokosi. Analikweza pawilibala n'kupita nalo kumsika kwa Che Sumani, wokonza mawailesi.

"Ili ndi bokosi lachitatu kundinamiza. Silitulutsa mawu. Litseguleni muone chimene chafa."

Che Sumani sanalitsegule. Analikweza patebulo lawo, sipika ili molingana ndi nkhope ya telalayo. Anayang'ana zopotokola zija, naona kuti zonse zili kumapeto. Sanakhudze ngakhale chimodzi. Analumikiza chingwe, napatsa mwini wake gitala, iwo n'kutsekera makutu awo ndi zala.

"Imani pomwepo, achimwene. Imbani."

Telalayo anakhwaya nsambo kamodzi kokha. Phokoso linamumenya kumaso ngati chitseko chachitsulo. Mano anachita dzanzi. Mayi wogulitsa tomato patsidya anatukwana. Ndipo mkati mwa phokosolo anamva china chimene anali asanachimvepo: nsambo yake yachitatu inali yosachunidwa bwino, ndipo inkalira mokhota.

"Mwapotokola chiyani?" anafunsa.

"Palibe. Ndi mmene mwalibweretsera. Bokosi ili lilibe matenda." Che Sumani anazula chingwe. "Kodi kutchalitchi kwanuko amaima kutsogolo kwake ndani?"

Telalayo anakankha wilibala yake kubwerera, dzuwa lili paliwombo, m'makutu mukulira nkhululu ija anamuuza mkazi wake zaka zitatu zapitazo. Kwa iye inalira tsiku limodzi n'kuleka.

Anapeza Nangondo atakhala pakhonde akusankha nyemba. Anakhala pambali pake, kumanzere. Kenako anayankhula motsitsa, mwina koyamba m'moyo wake.

"Nangondo, ndinakulakwirani. Munandiuza, ine osamva."

Mayiyo anapitiriza kusankha nyemba. Sikuti anakwiya. Patapita kanthawi anaona mthunzi wa mwamuna wake, natembenuza mutu wonse kuti apereke khutu lamanja.

"Mwati chiyani, bambo a Tayamika? Mbali iyo sindimva."

Abale ndi alongo, ma ampulifaya atatu aja alipobe m'nyumbamo. Imodzi amaikapo beseni. Onse ndi amoyo, ndipo palibe imene inanama. Bokosi limangokweza chimene mwaikamo n'kuchiponya kumene mwaliloza.

Ifenso mawu athu, mkwiyo wathu ndi khalidwe lathu zimatulukira kumbuyo kwa miyendo yathu. Mwini wake amamva pang'ono. Amene amamva zonse ndi uyo waima patsogolo pathu tsiku ndi tsiku: mkazi, mwamuna, mwana, wogwira naye ntchito. Tikaona kuti sitikumveka timakweza. Zikakanika timati vuto ndi mpingo, tisamuke. Vuto ndi ntchito, tisinthe. Vuto ndi banja. Timasintha mabokosi, koma poima pathu ndi pomwe paja.

Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Mulungu kawirikawiri satidzudzula ndi bingu. Amatuma munthu wa m'nyumba mwathu momwe kuti atiuze motsitsa, panjira yochokera kutchalitchi, kuti tikumupweteka. Mverani munthu ameneyo lero. Mulungu amamva kulapa tsiku lililonse limene mungabwere nako, koma khutu la munthu amene mwamugonthetsa silidikira.