Linga, Galu wa Mbuzi za Nankhoma

Kalekale, mnzanga, kuseri kwa mapiri a Dedza uko, kunkamveka mphekesera yoti galu wa Nankhoma bambo wake anali mkango. Ine sindinaone. Koma amene anandiuza sanama kawirikawiri, ndipo galuyo akaima, msana wake unkafika m'chiuno mwa munthu wamkulu. Ndiye muona nokha.

Nankhoma anali ndi mbuzi makumi awiri, zosiyiridwa ndi malemu bambo ake. Afisi ankamutha nazo. Tsono mlongo wake, amene ankaweta nkhosa pa esiteti ina, anamubweretsera kagalu koyera, mapazi ngati mbale.

"Achemwali, uyu si galu wa pakhonde," anatero mlongoyo. "Agone m'khola. Ayamwe mbuzi. Ndipo chakudya chichoke m'dzanja limodzi lokha, lanulo. Galu wotere amapatukira yekhayo womudyetsa."

Nankhoma anamvera. Anamutcha Linga.

Linga anakula. Anakula. Anakulabe. M'mawa beseni lonse la phala la madeya lothira usipa, madzulo beseni lina. Loweruka Nankhoma ankakhala pansi kumuzula nkhupakupa m'makutu, ubweya ukuuluka pabwalo ngati thonje. Amayi anzake ankaseka. "Ena akulera ana, uyu akulera ng'ombe youwa."

Koma fisi sanabwerenso. Wakuba nayenso ayi. Ngakhale Lifeyo, mwamuna wa Nankhoma, mkamwini pamudzipo, akayandikira khola Linga ankangolira pansipansi, Lifeyo n'kukumbuka kuti ali ndi ntchito kwina.

Chaka china mbuzi inasowa kudambo, masanasana. Inasowa yachiwiri. Inasowa yachitatu, ya bere. Palibe anamva galu akuuwa.

Anayamba ndi Lifeyo. "Fisi safika. Wakuba safika. Watsala ndani? Galu wanuyu walawa magazi."

Mawu aja anafika kuchitsime, anafika kumtondo, anafika kwa amuna oweta mbuzi. Amunawo anapita kwa a Chikakuda, amalume a Nankhoma, mwini mbumba.

"Galu wolawa mbuzi saleka. Lero za Nankhoma, mawa zathu, mkuja mwana wa munthu."

A Chikakuda anaitana Nankhoma. "Mwana wa mlongo wanga, mwambo ukuudziwa. Galuyo aphedwe lero."

"Amalume, ndinamuika ndekha ku bere la mbuzi. Angadye amake?"

"Tiuze tsono amene wadya."



Amuna anabwera asanu, mikondo ndi zibonga m'manja. Anaima patali ndi khola. Ammanga ndani? Nankhoma anabisa manja m'nsalu. "Langa dzanja ayi." Amuna aja akungoyang'anana.

Lifeyo anatola chingwe. Analowa m'khola. Linga anadzuka, chigalu chonse chija.

Linga anagwedeza mchira. Ananyambita dzanja la Lifeyo, iye akumumanga chingwe m'khosi.

Nankhoma anauona mchirawo. Galu amene sanagwedezerepo mchira munthu wina aliyense? Dzanja ilo linamudyetsapo.

Nankhoma anatembenukira kwa a Chikakuda. Anangoti, "Amalume, wopita kukafa amatsanzika. Ndiloleni ndimufunse."

Anagwada. "Linga, mbuzi zanga zili kuti?"

Linga anayankha, "Zilipo, mayi. Fungo lake limabwera ndi mphepo ya kutsidya."

"Nanga bwanji sunazitsate?"

"Zotsalazi ndikanasiyira yani?"

Nankhoma anadzuka. Anamasula chingwe. Anatsegula khola, mbuzi zonse panja. "Tiye nazo zonse."

"Bambo, akufuna kuthawitsa galu," anatero Lifeyo.

"Mikondo ili pambuyo pake," anayankha a Chikakuda. "Akakhotera kuthengo, lasani."

Galu patsogolo. Mbuzi pambuyo. Mikondo pambuyo pa mbuzi.

Anadutsa dambo. Galu patsogolo, mbuzi pambuyo, mikondo pambuyo pa mbuzi.

Anawoloka mtsinje. Pamenepo galu anaima. Ananunkhiza uku, ananunkhiza uko. Madzi anamusokoneza fungo. Anatembenukira kuthengo.

Mkondo umodzi unakwera m'mwamba. Nankhoma anaima pakati pa mkondo ndi galu.

"Muyambe ine."

"Choka apo, mwana iwe."

"Muyambe ine, amalume."

Mphepo inaomba. Linga anakweza mphuno, n'kulowa kanjira kokwera kumtunda.

Kumtundako, mnzanga, kunali nyumba ya Nagama, uja wotcheza kachasu, amene mwamuna wake anapita ku migodi zaka zinayi zapitazo osabwerako. Kuseri kwa bafa lake kunali kakhola katsopano, udzu wake usanade n'komwe.

Linga anathamanga. Anagwetsa chitseko ndi chifuwa. Analowetsa mutu. M'katimo kamwana ka mbuzi kanalira.

"Akudya! Lasani!"

Mkondo unauluka. Unang'amba Linga paphewa, n'kukabaya mtengo wa khola. Nankhoma anatseka maso.

Atatsegula, galu anali akutuluka chobwerera m'mbuyo, magazi akutsika ndi mwendo. Kamwana kongobadwa kumene kanali pakati pa miyendo yake, iye akukanyambita. Pambuyo mbuzi zitatu, makutu odulidwa pawiri monga amadulira Nankhoma.

Mikondo inatsika yokha.

Nagama anatuluka m'nyumba, nsalu atamangira m'mwambamwamba. Sizinabisike. Mimba, mnzanga. Mwamuna ali ku migodi.

"Mbuzizi wazipeza bwanji?" anafunsa a Chikakuda.

"Ndinapatsidwa."

"Ndi yani?"

"Funsani galu wanuyo, poti ndamva amayankhula."

Onse anayang'ana Linga.

"Ine ndimadziwa za mbuzi," anatero Linga. "Za anthu ayi."

Pocheuka, Lifeyo palibe. Anathawira pamtsinje paja.

Nankhoma anabwerera ndi mbuzi zake, kamwana atakanyamula pachifuwa. Anatsuka bala la galu ndi madzi amchere. Anaphika phala beseni lodzaza, usipa wosaumira. Linga anadya, n'kukagona pakhomo pa khola, mbuzi zikumupondaponda.

Mwamva? Mukaweta galu wotere, muziona dzanja limene akunyambita. Ndipo woyamba kunena kuti galu aphedwe, muzimuyang'ana kawiri.

Lifeyo anakhala masiku atatu kwa anzake. Kwa mkazi wake sanaulule. Kwa a Chikakuda sanaulule. Mukudziwa kumene anakaulula? Kwa apongozi ake, amayi a Nankhoma, amene chikwatirire sanayang'ananepo nawo m'maso. Iye anagwada kuseri kwa nkhokwe. Iwo anali mbali inayo, akutonola chimanga.

"Amayi, galu ndinamudyetsa ndine. Miyezi iwiri, mbewa zootcha, mwana wanu akapita kumunda. Mbuzi ndinatenga ndine."

Apongozi sanaleke kutonola. "Nanga mimba?"

Lifeyo anakanda pansi ndi chala. Anakanda. Anakanda.

"Nayonso."

Yanga nthano yathera pomwepo, kuseri kwa nkhokwe.