Dashibodi ya Tebulo la Malemu

M'galaja la a Kalipentala munkanunkha utuchi ndi oyilo wakale. Pakati pake panali galimoto yachikale yobiriwira, ya mphuno yaitali ndi nyali zozungulira ngati mbale, imene anagula chaka chimene anakwatira. Chimwalirire akazi awo, galimotoyo inangokhala pa njerwa, ndipo mwini wake naye anasiya kuyenda. Anansi anagogoda mpaka kutopa, kenaka anasiya. Bambowa ankadya choimirira, wailesi ikudzilankhulira yokha pawindo.

Tsiku lina kunabwera mwana wawo wamkazi, mmodzi yekhayo, ndi pempho.

"Bambo, pa ukwati wanga ndikufuna ndidzakwere galimoto iyi, imene munkakwera ndi amayi. Inu mupange za matabwa, za mawaya muwasiyire bambo aang'ono."

Bambo aang'onowo anali mphwawo wa a Kalipentala, mmisiri wa mawaya a galimoto. Awiriwa anasemphana mawu pa maliro aja, pa nkhani yopanda mutu ya amene anayenera kukhoma bokosi, ndipo kuyambira pamenepo akakumana pamsewu aliyense ankayang'ana kumbali.

Dashibodi yachitsulo ya galimotoyo inali itadyeka ndi dzimbiri. A Kalipentala anachotsa thabwa la tebulo limene malemu ankasokerapo zovala, analipala, analidula motsata yakale ija, n'kulipaka vanishi mpaka munthu kumadziona nkhope. Pa luso la matabwa, tisawanamizire, panalibe wowapikisa.

Mphwawo anafika ndi chikwama cha zida, n'kusisita thabwalo ndi dzanja.

"Achimwene, apa ndiye mwagwira ntchito. Koma thabwa si chitsulo. Masiwichi akalewa ankapezera ethi, njira yobwerera magetsi, pa chitsulo cha dashibodi, ndiye pano pafunika waya wakewake. Komanso poyesa, wina aziima pa batire kuti zikavuta azule waya msanga."

"Ndakuitana?" anafunsa a Kalipentala, maso ali pa thabwa.

"Wandituma ndi mwana."

"Mwanayo ndi wanga, galimoto ndi yanga, thabwa ndi la mkazi wanga. Iwe unabadwa ine ndikugwira kale tchizulo. Timasiwichi tomweti tingandikanike?"

Mphwawo anatola chikwama chake n'kutuluka. Geti linalira, m'galajamo munabwerera zii.

Kuboola zibowo kunayenda bwino. Thabwa linali lochindikala kuposa makosi a masiwichi, choncho a Kalipentala analisema kumbuyo pang'onopang'ono mpaka nati iliyonse inagwira. Siwichi ya nyali, ya hutala, ya mawaipa, onse anakhala pamzere ngati mabatani a jekete. Zinavuta ndi za kuseri. Anagona chagada pansi pa chiwongolero, tochi kukamwa, bondo likuchirikiza thabwa, mawaya akuwalendewera kumaso. Kanati kena katagwa n'kugubudukira pansi pa mpando, anatambasula dzanja n'kunena kuti, "Tandipatsira," ndipo dzanjalo linangokhala m'malere. Kunalibe wowapatsira. Mtima unawawawa, koma mwamuna wouma khosi amameza misozi n'kunena kuti ndi utuchi walowa m'maso.

Kutatsala pang'ono kuti ukwati uchitike, analumikiza batire. Anamanga waya pa mutu wa batireyo ndi sipanala mpaka nati kulira, poti kwa kalipentala chinthu chogwedera ndi ntchito yaulesi. Anadina hutala, koma sinalire. Anatembenuza siwichi ya nyali za pa dashibodi, mdima. Mawu a mphwawo aja anawabwerera m'mutu, koma anawakankhira kutali ngati ntchentche. Anasinthanitsa mawaya awiri, fyuzi inapsa. Anaika ina, nayo inapsa. Pamenepo anapsa mtima, natenga msomali n'kuukhazika pamalo pa fyuzi.

"Uwu ndiye uuotche tione," anatero, akulankhula ndi galimoto.

Anakwawiranso pansi paja. Waya wina wosenda unakhudza chitsulo cha chiwongolero, kunathetheka moto, ndipo wayayo anafiira ngati khala. Pulasitiki inasungunuka n'kuwadonthera pamkono. Vanishi sachedwa, anagwira moto nthawi yomweyo.

"Zulani batire!" anakuwa.

Mawuwo anagunda malata n'kubwerera. Batire inali pafupi, pansi pa boneti pomwepo, ndipo munthu woima pamenepo, sipanala m'manja, akanangomasula waya basi. Koma mpaka nkhalamba idzisolole pansi pa chiwongolero, ifufuze sipanala m'utsi, imasule chimene inamanga ndi mphamvu zake zonse, moto unali utadya. Anauzimitsa ndi thumba lonyowa. Thabwa la malemu linatsala chikuni chakuda, masiwichi akulendewera pa mawaya opserera.

Mwana wawo anawapeza masana atakhala pa mpando wa dalaivala, mkono atakulunga chisanza. Anayang'ana dashibodiyo nthawi yaitali, kenaka anagwira pakamwa.

"Ndi tebulo la amayi ili?"

"Ndipeza thabwa lina, mwanawe. Ndigwira ndithu, ifika pa tsikulo."

"Sifika, bambo, mukudziwa inunso." Misozi inali ikutsika. "Galimoto zokwera pa ukwati zilipo zambiri. Ine ndimafuna muikonze awiri ndi bambo aang'ono, kuti pa tsiku langa mudzakhale pa benchi imodzi. Ndimafuna m'galaja muno mumvekenso anthu akulankhula."

A Kalipentala anagwira siwichi imodzi yopserera n'kumaipukuta mwaye ndi chala.

Pa tsiku la ukwati mkwatibwi anakwera galimoto ya bambo ake aang'ono, yoyera, yamakono, yomangidwa maliboni. Mpando wakutsogolo anausiyira a Kalipentala, koma manyazi anawagwira miyendo, anati abwera pambuyo. Anaima pageti ndi suti yawo yakale mpaka mahutala ndi nthungululu zinazimirira pakona. Kenaka anakoka chitseko cha galaja, anachikhoma loko, n'kuyamba kuyenda wapansi kulowera kutchalitchi, okhaokha mumsewu wonse, fungo la utsi likadali m'malaya.

Pamene akuluakulu ankanena, ankanenera anthu ngati amenewa: kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu.